Mapadi a mabuleki pa galimoto ya matayala aakulu

Ambiri amene amaika matayala aakulu pa Land Cruiser kapena Hilux amaganiza kuti mabuleki agwirabe monga kale, komatu tayala lalikulu lili ngati sipanala yaitali, chifukwa limachulukitsa mphamvu imene mabuleki ayenera kulimbana nayo. Potsika mapiri a ku Chowe kuchokera ku Namwera kulowera ku Mangochi, mapadi, tizidutswa timene timafinya chitsulo chozungulira chotchedwa disiki, amatentha kwambiri, ndipo ofewa amasiya kugwira. Osakaniza ndi chitsulo ndiwo amapirira kutenthako, ngakhale kuti amalira ndiponso amadya disiki msanga, pomwe a seramiki, odula komanso osadetsa mawilo, amayenera galimoto yopepuka ya m'tauni. Mchenga ndi matope a m'dzinja zimaperesa mapadi a mtundu uliwonse, choncho makaniko aziwaona mvula ikangotha.