Kodi Molasesi Angaloŵe m'Malo mwa Feteleza?

Chiyambire chaka cha 2022, pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine idakweza mitengo ya feteleza pa dziko lonse, ndiponso ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi wa ku Mchinji wakhala akufunafuna china chilichonse chodyetsera nthaka yake. Pakati pa zinthu zimene zikutchulidwa pali molasesi, ndipo ena amaŵayamikira ngati mankhwala ochiza nthaka yoguga. Nkhani yotereyi imafunika kuiyesa mofatsa munthu asanataye ndalama.

Molasesi ndi madzi akuda, onanda ngati uchi, amene amatsala pamene madzi a nzimbe aphikidwa ndipo shuga wachotsedwamo. M'Malaŵi muno amachokera ku mafakitale aŵiri akuluakulu: ya Nchalo ku Chikwawa, imene idayamba mu 1966, ndi ya Dwangwa ku Nkhotakota, imene idatsegulidwa mu 1979. Ambiri mwa iwo amapangira ethanol, ntchito imene idayamba ku Dwangwa mu 1982, ndipo ena amadyetsa ng'ombe. Motero kuti afike pa Kamwendo kapena pa Mkanda ayenera kuyenda makilomita oposa 200, ndipo mtengo wa ulendowo amalipira ndi wogula.

Tsono muli chiyani m'molasesimo? Pafupifupi theka lake ndi shuga. Mulinso potaziyamu wochulukirapo, kashiamu, magineziyamu ndi ayironi pang'ono. Koma nayitirojeni, chakudya chimene chimanga ndi ndiwo zamasamba zimafuna koposa, ndi wochepa zedi. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, pamene molasesi olemera chimodzimodzi safika ngakhale kilogalamu imodzi. Apa mpoonekeratu kuti sangaloŵe m'malo mwa feteleza.

Ntchito yao yeniyeni ili kwina. M'nthaka yachonde muli tizamoyo tosaŵerengeka, tosaoneka ndi maso, timene timaoletsa zinyalala ndi kumasula chakudya chimene mizu imayamwa. Shuga ndiye mphamvu ya tizamoyoti, ndipo tikampeza timaswana msangamsanga. Komatu poswana timafunanso nayitirojeni womangira matupi ake, ndipo ngati mulibe manyowa okwanira timalanda yemweyo amene mbewu ikadadya. Ndicho chifukwa chake wothira molasesi ambiri pa nthaka yoguga amadabwa kuona masamba a mpiru wake akusanduka achikasu, nyerere nazonso zitadzaza bedi lonse. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malo amene molasesi amathandiza koposa ndi pa mulu wa manyowa. Njira ya bokashi, yochokera ku Japan, imasakaniza ndowe, gaga, dothi ndi madzi a shuga kuti zisase msanga ngati moŵa, ndipo Teruo Higa wa ku Okinawa adaitchukitsa m'zaka za m'ma 1980. Alimi a kuno ali ndi yao yofanana nayo, manyowa a Mbeya, amene amasakaniza ndowe, gaga, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, nkuzitsekera m'thumba masiku 21. M'menemo gaga ndiye amadyetsa tizamoyo tija, ndiye kuti wosapeza molasesi sadataye kanthu. Koma amene ali nao asungunule supuni imodzi kapena ziŵiri m'malita 5 a madzi, awaze pa mulu wa manyowa kapena pa bedi lothiridwa kale manyowa, ndipo asabwereze kaŵirikaŵiri.

Chomvetsa chisoni nchakuti chuma chenicheni cha nthaka ya Mchinji chimapsa ndi moto chaka ndi chaka. Boma limeneli limalima mtedza ndi soya wambiri, mbewu zimene zotsalira zake zili ndi nayitirojeni woposa wa m'mapesi a chimanga. Komabe nyengo ya chilimwe ikafika, osaka mbeŵa ndi ososa m'minda amazitentha, utsi nuuluka ndi chakudya chimene chikadabwerera m'nthaka. Kugula botolo la molasesi ochokera ku Dwangwa kwinaku ukutentha zotsalira za mtedza pakhomo ndiko kutunga madzi ndi dengu.

Mphunzitsi amene ali ndi dimba la sukulu, ngakhalenso mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza Fomu 4 nayamba kulima m'mbali mwa mtsinje wa Bua, angathe kudziweruzira yekha mlanduwu. Akonze mabedi atatu ofanana nadzalemo mpiru tsiku limodzi: loyamba la manyowa okha, lachiŵiri la manyowa ndi madzi a molasesi, lachitatu la molasesi okha. Nthaŵi yothyola ikakwana, ayese ndiwo za bedi lililonse pa sikelo nalembe m'kope. Zimene kopelo lidzanene ndizo azikhulupirire, osati mau a wogulitsa pa msika.