Kalata ya Namwali Yocokera ku Mufakose

Abale athu okhala kuno ku Harare, taona kalata imene namwali wina wa ku Dedza, Nabanda, walembera amace ndi agogo ace, ndipo watilola kuikapo mau ena pano, pakuti nkhaniyi ikhudza ife tonse.

Namwaliyu anatumidwa ndi mbumba yace kudzafunafuna mlongo wa agogo ace, amene anacoka kumudzi m'caka ca 1953 kudzagwira nchito ku Salisbury, nacona. Agogowo akalamba, ndipo afuna kudziwa asanamwalire ngati mlongo wao ali moyo. Anthu akale anayenda njirayi masabata ambiri pansi, ena pa magalimoto a Ulere. Koma iye anakwera basi, napyola Angonia, naoloka Zambezi pa mlatho ku Tete, nalowa m'dziko lino pa Nyamapanda. Alemba motere:

"Amai, Zambezi ndamuona ndi maso anga, Linthipe wathu ndi kamfuleni cabe. Kutentha kwa ku Tete sikuneneka, mbuzi zomwe zibisala patsinde pa milambe. Pa Mbare, pamene tinatsika, anthu ali piringupiringu ngati nyerere, ndipo ndinagwiritsa katundu wanga ndi mantha. Nsima kuno aicha sadza. Ndinaima wosadziwa kolowera, kufikira mai wina wogulitsa masamba anamva ndirikudandaula ndekha, nandiyankha m'cinenero cathu, nati atate wace anali a ku Ntcheu."

Maiyo anamlangiza kukafunsa ku Mpingo wa C.C.A.P., ndipo analangiza bwino. Pakuti ciyambire 1912, pamene Mbusa Vlok anadza kuno kudzaweta anthu a ku Nyasaland, Mpingowu wakhala ngati bwalo pofunsirana za abale. Tsiku la Sabata mkuru wina wa Mpingo anakumbukira dzinalo, namperekeza ku nyumba ina ku Mufakose.

"Agogo, limbani mtima. Mlongo wanu anatisiya m'caka ca 1998, ndipo pa manda pace ndafikapo. Koma anasiya mwana wamkazi, msuweni wanu Amai, amene akhala ndi mphumi yeniyeni ya Agogo. Ana ace alankhula Cishona, Cicewa acimva pang'ono. Ati malemuwo anali kuchula dzina lanu kawirikawiri, koma anacita manyazi kubwera kumudzi cimanjamanja."

Mau otsirizawa atilasa mtima. Ambiri a makolo athu sanacone cifukwa ca kuiwala kwao ai, koma cifukwa ca manyazi a umphawi. Ana ao anachedwa Mabhurandaya, ndiko kuti a ku Blantyre, ndipo ambiri anawerengedwa alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo akuru a Zimbabwe a 2013 anawabvomereza kukhala nzika, naika Cicewa pakati pa zinenero 16 za dziko.

Tsono inu a ku Mufakose, Highfield, Mabvuku ndi Tafara, amene mudziwa dzina la mudzi wa atate wanu, ngakhale la mfumu yokha, musadikire kulemera. Lembani kalata, kapena imbani lamya. Agogo a ku Dedza aja sanatume mdzukulu wao kudzatenga ndalama kapena nsaru. Anafuna mbiri cabe, ndipo mbiriyo yawapeza atacedwa zaka zambirimbiri. Cibale ndi pfupa, siciola.