Mmisiri wa Sola Mumuyese ndi Chiperoni

Alimi a ku Khonjeni akagulitsa nandolo, kapena akalandira ndarama za tiyi, ambiri tsopano athamangira ku Luchenza ndi ku Limbe kukagula sola. Sitiwadzudzula ai. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 ziri zonse m'Malawi, 11 zokha zinali kuunikira ndi magetsi, ndipo zoposa theka zinali kudalira matochi. Koma abale, sola si khasu. Khasu mutha kuliyesa ndi manja muli m'sitolo. Sola muidziwa itakwera kale pa denga, ndarama zitapita. Chifukwa chache yambani mwasankha mmisiri, katundu pambuyo.

Mufunseni akuonetseni chilolezo chache cha ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004. Akatero akuuzeni nyumba ziwiri zimene anagwirapo nchito chaka chatha, ndipo mupiteko nokha usiku, mukaone ngati nyale ziyakabe.

Funso lalikuru ndi ili: "Nanga chiperoni chikagwa?" Ife a kuno ku Thyolo tidziwa kuti m'June ndi m'July mitambo yochokera ku Mozambique itha kutseka dzuwa masiku atatu, nthawi zina kuposa. Tiyi akondwa ndi nkhungu imeneyi, koma sola ipereka moto pang'ono chabe. Mmisiri amene ayankha kuti, "Musade nkhawa bambo, iyi njamphamvu," osawerengera kanthu, mumtsazike mwaulemu.

Wodziwa nchito akhala nanu pansi ndi pensulo. Achulukitsa mawati a chinthu chiri chonse ndi maola amene chiyaka. Mababu anai a mawati 3 oyaka maola 5 adya 60. Wailesi ya kanema ya mawati 30 kwa maola atatu idya 90. Mafoni awiri tiwapatse 20. Zonse pamodzi ndi 170 pa tsiku, ndipo masiku atatu a chiperoni afuna 510. Tsono batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah lisunga 1,200, koma batire la asidi siliyenera kutapidwa kupyola theka, mwina lifa msanga. Liri ngati nkhokwe imene muyenera kusiyamo mbeu. Chanu ndi 600, ndipo chikwanira. Mukagula la 50Ah chifukwa chotsika mtengo, pa tsiku lachiwiri mudzadya nsima mu mdima. Batire la galimoto musalole konse. Linapangidwira kuliza injini, si kuyatsa nyale usiku wonse.

Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kabokosi kochedwa charge controller, koletsa batire kudzala kopitirira kapena kuuma. Ena akasiya kuti mtengo uoneke wochepa. Pafupi ndi batire pakhalenso fyuzi, makamaka pa nyumba ya udzu.

Poikweza pa denga imani pomwepo. Dziko lathu liri kumwera kwa Equator, tsono sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula itsuke pfumbi. Mthunzi wa tsamba limodzi la nthochi, kapena nthambi ya bulugamu, uchepetsa moto wa sola yonse, ngakhale waphimba pangodya pokha. Ndi bwino kusuntha sola kusiyana ndi kudula mtengo wa mapeyala umene ukupatsani ndarama. Imangidwe ndi mabauti pa mitanda ya denga. Kuitsamiritsa ndi njerwa pa malata nkusewera. Mphepo ya namondwe Freddy m'March 2023 tonse tiikumbukira.

Amene alibe ndarama zambiri nthawi imodzi atha kutenga sola yolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, monga achitira a Yellow ndi a Zuwa Energy. Ubwino wache ngwakuti zipangizo zibwera zoyenerana kale. Koma dziwani kuti mukaleka kulipira, nyale izima yokha. Wowerenga akuwerengereni pangano lonse musanadinde chala, muonkhetse ndarama za miyezi yonse, ndipo muganizire January ndi February, pamene chimanga chatha m'nyumba.

Nchito ikatha, musamalize kulipira mmisiri asanakupatseni lisiti lolembedwa dzina la chipangizo chiri chonse, miyezi ya chitsimikizo, ndi nambala ya foni yache. Lisitilo mulisunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi makadi a kuchipatala.