Lembani nkhuku zanu chitopa chisanafike

Alimi anzanga, Covid-19 italowa m'Malawi mu April 2020, a Unduna wa Zaumoyo ankalengeza tsiku ndi tsiku chiwerengero cha odwala, ochira ndi omwalira. Katemera atafika mu March 2021, anayamba kuwerenganso obayitsa. Ziwerengerozo zinkaonetsa maboma amene matenda avuta.

Ine nzeru imeneyi ndinaitengera kukhola kwanga. Chitopa chilibe mankhwala, ndipo chimakonda nyengo yotentha mvula isanagwe. Chikalowa chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa. Tsono ndili ndi kope m'mene ndimalemba nkhuku zonse, tsiku la katemera, zodwala ndi zakufa.

Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse. Kopelo limandikumbutsa tsiku lobwereza, ndiponso anapiye amene sanalandire. Nkhuku yodwala kale musaipatse katemera.

Zikafa ziwiri zitatu motsatizana, kauzeni alangizi a ziweto, ndipo zotsalazo musathamangire nazo kumsika, chifukwa kutero n'kugawira midzi ina mliri. Paja nkhuku zomwezi ndizo zimatigulira mchere, sopo ndi yunifolomu ya mwana.