Kompyuta Ikatentha Mutu pa Kalomwe

KALOMWE, Angónia. Pa chipata cha Kalomwe, pamene msewu wochokera ku Tete kudzera ku Ulónguè umalowera m'boma la Dedza ku Malawi, magalimoto a katundu amadikira mapepala asanawoloke. Chiyambire chaka cha 2011, pamene dziko lino linakhazikitsa Janela Única Electrónica, ntchito ya mapepala a katundu wa pamalire yakhala ikusamukira pa kompyuta. Nawonso a m'midzi akafuna kalata yotayipa kapena fotokope ya chiphaso, amathamangira ku timashopu ta makina omwewa.

Tsono kompyuta ikazima yokha dzuwa lili paliwombo, ntchito yonse imaima. Dalaivala amagona pamalire, mwini kachewere nayamba kuwerenga matumba amene awole.

Ambiri amathamangira kunena kuti ndi magetsi, ena amati ndi vairasi. Koma kompyuta imene imayaka bwino m'mawa, fani yake n'kumalira ngati chigayo, kenaka n'kuyamba kuchedwa mpaka kuzima, kawirikawiri imakhala yatentha purosesa. Kameneka ndi kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo ndi kamene kamawerengera zonse. Kakatentha kufika pafupi madigiri 100, kamachepetsa liwiro, ndipo zikapitirira makina amadzizimitsa okha kuti asapse.

Ena amadabwa kuti makina angatenthe bwanji ku Angónia, dziko la mapiri kumene June ndi July anthu amagona ndi mabulangete awiri. Mdani si dzuwa lokha ayi, koma fumbi. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, fumbi la mumsewu limalowa m'bokosi n'kukamatirira pa kachitsulo ka mano ngati chipeso kamene kamakhala pamwamba pa purosesa. Mipata ikatsekeka, mphepo ya fani sidutsanso.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kugula zatsopano. Amayamba waona pamene bokosi lakhala. Ngati lili pansi pa dothi, lagunda khoma, kapena laphimbidwa ndi chitenje poopa fumbi, amalikweza pa tebulo, navundukula. Kenaka amayatsa makina n'kulowa mu BIOS kukawerenga kutentha. Kompyuta yongokhala osagwira ntchito imasonyeza madigiri apakati pa 30 ndi 50. Ikasonyeza 80, pali vuto.

Akatero amazula chingwe cha magetsi, nagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwake asaononge zam'kati. Fumbi amalichotsa ndi kabulashi kouma, kwinaku atatsina fani ndi chala kuti isazungulire. Madzi kapena nsanza yonyowa sizifika pamenepa. Fani ikakhala yosazungulira kapena yogwedera, imafunika ina.

Kutentha kukapitirirabe, chotsala ndi phala lotuwa lokhala pakati pa purosesa ndi kachitsulo kaja, limene pa Chipwitikizi amati pasta térmica. Pakapita zaka limauma ngati dongo, makamaka m'makompyuta a kaunjika. Lakalelo amalipukuta ndi sipiriti, n'kudonthezapo latsopano kadontho kamodzi kofanana ndi njere ya nandolo, kenaka amamanga kachitsuloko mofanana ngodya zonse zinayi. Kukasiya mwendo umodzi wolendewera ndi kungobweza vuto lomwe lija. Mankhwala otsukira mano, amene ena amapakapo posowa phalali, amauma msanga ndipo kutentha kumabwerera.

Mtengo wa kachubu ka phala ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi purosesa yatsopano, kapena ulendo wokafuna mmisiri ku Tete kapena ku Lilongwe. Choncho eni makina a m'chigawo chino angachite bwino kutsegula mabokosi awo ndi kupukuta fumbi mwezi wa October usanafike, monga momwe mlimi amakonzera khasu mvula isanagwe.