Zimene zagona pansi pa filiza

Pa Mponela, pa Madisi, pa boma la Dowa ndi ku Ntchisi, filiza ya chivundikiro cha pamwamba ndi chuma cha banja. Muli nyama ya mbuzi imene anagawana pa Khirisimasi, chambo chimene mlamu anabwera nacho kuchokera ku Salima, nkhuku zachikuda, nsawawa zosenda, ndipo pamwamba pa zonse pali mafizezi ogulitsa kwa ana asukulu. Koma mufunseni mwini wake kuti pansi penipeni pali chiyani, ndipo chinalowa liti. Ambiri amayamba kufukula.

Agogo athu ankadziwa nkhokwe yawo. Ankadziwa pamene chimanga chafika, ndi mwezi umene chidzathe. Filiza nayo ndi nkhokwe, koma imabisa. Chatsopano chimakhala pamwamba, chakale chimamira, ndipo majumbo akuda onse amafanana akaundana. Chimene chaiwalika kwa miyezi chimatuluka chitauma, chitasintha fungo, n'kukathera kudzala kapena kwa agalu.

Vutoli si la mayiko olemera okha. Lipoti la bungwe la UNEP la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo. Lipotilo linaonetsanso kuti pa kutaya kwa m'nyumba, mayiko olemera ndi a chuma chapakati sasiyana kwambiri. Kuno, kumene banja limatha sabata osalawa nyama, kilogalamu imodzi yoonongeka ndi ndalama imene ikanagula sopo ndi makope a ana.

Kuzizira kumagwira ntchito motere. Pa madigiri 18 kunsi kwa ziro, madzi a m'chakudya amaundana ndipo tizilombo toyambitsa matenda timaleka kuswana. Sitifa ayi. Timangogona, ndipo nyama ikasungunuka timadzuka n'kuyambira pamene tinalekezera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limachenjeza kuti pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilomboti timachulukana mofulumira kwambiri, n'chifukwa chake chakudya chophika sichiyenera kukhala pamtunda kupitirira maola awiri. Bungwe lomwelo linawerengera mu 2015 kuti anthu 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Africa ndiye amene amasenza katundu wolemera kuposa madera ena onse, ndipo ana osakwana zaka zisanu ndiwo amavutika kwambiri.

Ngakhale filiza itazizira bwino osalekeza, kukoma kumapita. Mphepo youma ya m'katimo imayamwa madzi pa nyama yosakulungidwa bwino, n'kusiya zigamba zotuwa zolimba. Mafuta a nsomba amayamba kununkha msanga: nsomba yonona monga kampango ndi bwino kuidya isanathe miyezi itatu. Nyama yogaya imasungika miyezi itatu kapena inayi, ndiwo zophikaphika miyezi iwiri kapena itatu, pamene nkhuku yathunthu yokulungidwa bwino ingafike chaka. Masiku amenewa alibe tanthauzo kwa munthu amene sadziwa tsiku limene jumbo linalowa.

Ndiye pali nkhani ya magetsi, imene imachititsa kuti malangizo olembedwera kunja asatikwanire. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka kuzima kwa magetsi kunali kwa tsiku ndi tsiku. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mphepo ndi mvula yamkuntho zimagwetsanso mapolo ndi mitengo pa mawaya. Nyama imene yasungunuka pang'ono lero, n'kuumanso mawa, n'kusungunukanso mkuja, sifanana ndi imene yakhala youndana nthawi yonse, ngakhale maonekedwe ake akhale amodzi.

Filiza yodzaza, ikapanda kutsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 magetsi atazima. Yofika theka imasunga maola 24. Filiji wamba ndi maola anayi okha. Apa ndi pamene kapepala kooneka kachabechabe, kolembapo zimene zili mu filiza, kamapulumutsa ndiwo: amene akudziwa kuti utaka uli kudzanja lamanja, m'jumbo loyera, amatsegula, kutenga, kutseka. Amene sakudziwa amaimirira chivundikiro chili yasa, akutembenuza majumbo, kuzizira konse kukuthawa.

Kalondolondo wa zimene zili mu filiza safuna foni yapamwamba. Tsamba la kope lomatidwa pa chivundikiro, cholembera chomangidwa pa chingwe, basi. Chilichonse cholowa chilembedwe dzina, kuchuluka ndi tsiku, pa tsambalo ndi pa jumbo lake lomwe, chotuluka chifufutidwe. Chatsopano chipite pansi, chakale chikwere pamwamba. Nyama igawidwe m'timapaketi tokwana mphika umodzi isanaume, chifukwa chibulumwa cha makilogalamu asanu chimakakamiza munthu kusungunula chonse kuti adulepo pang'ono. Ndipo m'nyumba imene filiza ndi ya bizinesi, nyama yaiwisi ikhale m'chigoba chakechake chotseka, kutali ndi mafizezi. Madzi a nkhuku akadonthera pa kapulasitiki kamene mwana adzang'ambe ndi mano, palibe moto umene udzaphe tizilomboto.

Pa tsamba lomwelo ndi bwino kulembanso tsiku limene magetsi anazima nthawi yaitali. Kwa amene achokapo masiku angapo, pali njira ina yosavuta: kuumitsa madzi m'kapu, n'kuika ndalama yachitsulo pamwamba pake. Akabwerako n'kupeza ndalama ija ili pansi pa kapu, ndiye kuti zinthu zinasungunukiratu kenako n'kuumanso. Njirayi singalowe m'malo mwa choyezera kuzizira, koma imaulula zimene maso sangaone.

Chosungunuka chiweruzidwe mosanyengerera. Ngati m'kati mukadali timiyala ta madzi oundana, chingathe kuumitsidwanso kapena kuphikidwa tsiku lomwelo. Ngati chafunda kwa maola oposa awiri, chitayidwe, ngakhale mtima ukuwawa. Kununkhiza sikuthandiza, pakuti Salmonella sasintha fungo la nyama, ndipo poizoni amene Staphylococcus aureus amasiya m'chakudya satha ndi kuwiritsa.

Nyumba zambiri za m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi zilibe magetsi n'komwe, ndipo nzeru zawo n'zofunika kwa a filiza omwe. Mayi wofutsa nkhwani kapena khwanya amayamba wawiritsa masamba pang'ono asanawayanike. Kuwiritsa kumeneku kumaletsa ma enzyme amene amaononga mtundu ndi kukoma kwa masamba, ndipo ndi zomwezo zimene zimafunika masamba asanalowe mu filiza. Pamene magetsi ndi osadalirika, n'kwanzeru kugawa: bowa wa dzinja ndi masamba apite padzuwa, nyama ina iwambidwe, ndipo mu filiza mutsale zokhazo zimene banja lingathe kudya kapena kuphika msanga ngati mdima utatenga masiku awiri.