Mtima ukayamba kunjenjemera m'malo mogunda

Pa 26 June 2003, katswiri wa mpira wa ku Cameroon, Marc-Vivien Foé, adagwa yekha pabwalo mumzinda wa Lyon popanda womukhudza. Adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 28. Pa 12 June 2021, Christian Eriksen wa ku Denmark naye adagwa chimodzimodzi ku Copenhagen, koma iye adatsitsimuka achipatala atamutsindika pachifuwa ndi kuomba mtima wake ndi magetsi pabwalo pomwepo.

Imfa zadzidzidzi zotere nthawi zambiri zimayambira m'zipinda ziwiri zapansi za mtima zomwe zimapopa magazi kupita kumapapo ndi thupi lonse. Zipindazi zimayendera timagetsi tachilengedwe, ndipo timagetsito tikasokonekera, mtima umathamanga mopitirira muyeso osapeza mpata wodzaza magazi. Madokotala amati ventricular tachycardia.

Choopsa kwambiri ndi ventricular fibrillation. Apa mtima umangonjenjemera osapopa kanthu, ndipo munthu amakomoka m'masekondi ochepa.

Vutoli limakonda mtima womwe uli ndi chipsera chifukwa mtsempha wake udatsekekapo, kapena womwe minofu yake idakhuthala kwambiri monga zidapezeka kwa Foé. Kuchepa kwa mchere wa potassium m'magazi nako kumaliputa.

Mankhwala alipo, monga amiodarone ndi a gulu la beta blockers. Ena madokotala amawalowetsa kachingwe kudzera mumtsempha mpaka mumtima n'kuwotcha kamalo komwe kakusokoneza magetsi. Omwe ali pachiopsezo chachikulu amawaika kamakina kotchedwa ICD pansi pa khungu. Kamalondera mtima usana ndi usiku, ndipo ukasokonekera kamauomba magetsi kokha. Eriksen adamuika kameneka. Malamulo a ku Italy sadamulole kusewera nako, choncho adasiyana ndi Inter Milan n'kupita ku Brentford mu 2022.

Koma zonsezi zimathandiza munthu yemwe wafika kuchipatala ali moyo. Munthu akagwa, osayankha komanso osapuma bwino, kumukupiza kapena kumuthira madzi, monga ambiri amathamangira kuchita, n'kutaya nthawi chabe, poti ubongo umayamba kuonongeka pakangodutsa mphindi zochepa.

Chofunika n'kumugoneka chagada pamalo olimba, kusanjikiza manja pakati pa chifuwa ndi kutsindika mwamphamvu, kulowetsa masentimita 5 kapena 6, maulendo 100 mpaka 120 pamphindi. Wina aitane achipatala, ndipo wotsindikayo akatopa, mnzake alandire mpaka thandizo litafika.